Kuvula koti yoyera: zoti muchite musanasiye nchito ya m'wodi

Sabata yatha dokotala wina wachinyamata amene ali pa chipatala china cha kumudzi kuno ku Eastern Province ya Zambia anandiimbira foni cha m'ma 11 usiku ali pa kolo (on-call), mau ake ali ziii, anangoti "akulu, ine ndatopa, mawa ndilemba kalata." Ndinamuuza kuti kalata yosiyira nchitoyo ayambe waisunga, abwere ku Chipata Loweruka tikambe kaye. Zomwe tinakamba tsiku limenelo ndi zomwe ndalemba apa, chifukwa si iye yekha amene amandifunsa, ndipo nthawi yomwe ine ndinkachoka panalibe wondikhazika pansi n'kundiuza zimenezi.

Ndinasewenza m'wodi zaka 7, manje ndili ku mapulogalamu a zaumoyo, kwambiri za TB ndi data. Sindikunyengerera munthu kuti achoke ayi. Aliyense amene anaonapo mzere wa pa OPD, pomwe odwala ochokera kunyumba amaonedwera, Lolemba m'mawa akudziwa kuti anthu athu akufuna madokotala. Koma ndinaonanso anzanga akusewenza mtima utachoka kale, thupi lokha ndi limene limabwera pa rawundi, ndipo zimenezo ndi zoopsa kwa wodwala komanso kwa iwo eni. Ndiye ngati mwatsimikiza zochoka, chokani masana, kudzera pakhomo, mapepala ali m'manja. Musathawe usiku.

Choyamba, dziwani chimene chakutopetsani

Gulani kabuku kakang'ono. Kwa mwezi wathunthu, tsiku lililonse mukaweruka, lembani zinthu ziwiri chabe: chomwe chakudyani mtima lero, ndi chomwe mwachita mpaka kuiwala kuyang'ana nthawi. Musakongoletse, palibe amene adzawerenge.

Mwezi ukatha werengani zonse. Ambiri amapeza kuti si udokotala umene wawatopetsa. Ndi ma kolo otsatizana chifukwa muli awiri chabe pa chipatala chonse, kapena bwana amene amakukalipirani pamaso pa manesi, kapena kulemba mankhwala omwe mukudziwa kuti ku pharmacy kulibe n'kumuona gogo akumasula kansalu komwe wamangamo ndalama zosakwana, kapena banja lili ku Lusaka inu muli kuno, makilomita oposa 500 a Great East Road pakati panu. Zonsezi ndi zowawa zoona, koma mankhwala ake mwina ndi transfer, kapena kutenga liivu yomwe yakhala ikuunjikana, kapena kulowa maphunziro a ukatswiri, STP kapena MMed, m'mbali ngati pathology kapena radiology komwe moyo wake ndi wosiyana ndi wa ku labour ward.

Koma ngati kabuku kaja kakuonetsa kuti ngakhale tsiku labwino, mankhwala alipo, bwana kulibe, mumamvabe kulemedwa wodwala akangokhala pampando, pomwe tsiku lokonza lipoti la mwezi kapena lophunzitsa ana a sukulu ya unesi ndi lomwe mumabwerera kunyumba muli wopepuka, ndiye kuti mtima wanu wayankha kale. Ine zinali choncho.

Pali chinanso chomwe sindifuna kuchidumpha. Ngati simukugona, chakudya sichikulowa, botolo layamba kukula, kapena maganizo oti bola kungofa ayamba kubwera, imeneyo ndi nkhani ya matenda ndipo inu mukuwadziwa dzina lake. Onanani ndi mnzanu wa za maganizo musanasaine chilichonse. Munthu wodwala depression akasiya nchito amapita nayo kunyumba, kenako amakhala nayo yekha tsiku lonse popanda salale.

Chachiwiri, tengani pesilipi ndi cholembera

Apa ndi pomwe anthu ambiri amagwera, ndiye ndichedwapo.

Lembani chilichonse chimene boma limakupatsani, osati basic yokha. Ma allowance onse, ya on-call, ya nyumba, ya kumudzi ngati mumalandira. Ngati mukukhala m'nyumba ya chipatala dziwani kuti tsiku lomwe mudzachoke makiyi adzawafuna, ndiye funsani lendi ya nyumba yonga imeneyo m'tauni muiwerengere. Salale ya ku bungwe ngati NGO imaoneka yaikulu papepala koma mukachotsa lendi, msonkho wa PAYE, ndi mafuta a galimoto, nthawi zina imafanana ndi yomwe mwasiya.

Kenako nkongole. Ambirife tili ndi maloni omwe amadulidwa ku PMEC, payroll ya boma, tisanaione n'komwe ndalamayo, ndipo timaiwala kuti alipo. Mukachoka pa payroll ya boma nkongoleyo sifa, okongoza aja adzakupezani, ena amafuna yonse nthawi imodzi. Pitani kwa aliyense amene munakongola, pemphani sitetimenti, funsani mwachindunji kuti "ndikachoka m'boma chichitike n'chiyani?" ndipo yankho akupatseni lolemba. Kaloba yekha ndiye mumalize musanaganizenso china chilichonse.

Ngati boma kapena mishoni inakulipirirani sukulu kapena munapita pa study leave yolipidwa, funani pepala la bondi lomwe munasaina, muone zaka zatsala zingati. Kuchoka bondi isanathe kumatanthauza kubweza ndalama. Ena amapeza kuti kwatsala miyezi yochepa chabe, kupirira pang'ono n'kumasuka.

Za penshoni ya NAPSA: nambala yanu ndi yomweyo kulikonse komwe mungapite, ndipo bwana watsopano ayenera kupitiriza kuponya, 5 peresenti yanu ndi 5 peresenti yake. Lowani pa eNAPSA muone ngati miyezi yonse inalowa, chifukwa kuti mudzalandire penshoni ya mwezi ndi mwezi pamafunika miyezi 180, ndipo mipata ndi yosavuta kukonza mukadali m'kati kusiyana ndi mutachoka. Kuyambira 2023 lamulo limalola kutapako 20 peresenti ya zomwe zaponyedwa kamodzi kokha. Ine maganizo anga, musaitenge kuti ikhale chakudya cha miyezi yomwe mulibe nchito, imeneyo ndi ya ukalamba wanu.

Tsopano sungani. Ndalama yokwana kudyetsa nyumba yanu miyezi 6 osalandira kalikonse, kuphatikizapo fizi ya ana ndi zija mumatumiza kumudzi, feteleza wa amai, mankhwala a BP a atate. Kaya mudzera chilimba, kaya ma locum (maganyu a udokotala) a kumapeto kwa sabata, kaya munda wa soya kapena nshawa, njira ndi yanu. Ngati zikutengerani chaka kuti ikwane, ndiye kuti tsiku lanu lochoka lili chaka chamawa, basi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndikulimbikira izi chifukwa cha zomwe tonse tinaona mu Januwale 2025, boma la America litaimitsa thandizo lodzera ku USAID. Anthu amene ankaoneka okhazikika m'mabungwe, galimoto yolembedwa pachitseko, anauzidwa kuti akhale kunyumba. Nchito ya boma ili ndi zowawa zake koma salale yake imabwera. Ya pulojekiti imayenda ndi kontrakiti, ndipo kontrakiti imayenda ndi wopereka ndalama amene simunamuonepo.

Chachitatu, layisensi isafe

Iyi ndi yaifupi koma musaiphonye. Pitirizani kulipira practising certificate yanu ku HPCZ, bungwe lolembetsa a zaumoyo, chaka ndi chaka ndipo ma CPD points a maphunziro opitiriza azikwana, olo mutakhala kuti simukugwiranso stethoscope. Nchito zambiri zomwe nditchule pansipa zimafuna dokotala wolembetsedwa, ndipo tsiku lomwe kontrakiti idzathe mwadzidzidzi, locum ndi imene idzagule unga. Ngati mukadali pa internship, malizani. Ndikupemphani ndithu, malizani mupeze full registration. Munthu wochoka ali JRMO, dokotala wa pa internship, amakhala pakati, kuno sali uko sali.

Chachinayi, onani komwe anzathu amapita

Tikakhala m'wodi timaganiza kuti kunja kuli "NGO" basi. Njira ndi zambiri kuposa pamenepo.

Pali zaumoyo wa anthu onse m'boma momwemo, ku ofesi ya district kapena ya province, kapena ku ZNPHI, bungwe la boma la public health, komwe amalondola miliri ndipo ali ndi maphunziro a field epidemiology. Amene munasewenzako nthawi ya kolera wa 2023 mpaka 2024 munalawako kale nchito imeneyi, kulemba line list, mndandanda wa odwala, kulondola komwe madzi akuchokera. Ubwino wa ku district ndi ku province simuchoka pa payroll.

Pali kafukufuku: CIDRZ ndi Zambart ku Lusaka, ndi bungwe la ku Ndola lomwe ambiri amalidziwa kuti TDRC. Amafuna ma study doctor, ndipo imeneyi ndi nchito yabwino yowolokera chifukwa odwala mumawaonabe koma mwadongosolo, uku mukuphunzira za protocol ndi data. Pali mabungwe a mapulogalamu a HIV, TB, malungo ndi uchembere, kuphatikizapo CHAZ ya zaumoyo za mipingo yomwe ife a kuno timaidziwa bwino chifukwa cha zipatala za mishoni ngati St Francis ku Katete ndi Mwami. Pali ZAMRA kwa amene amakonda za malamulo a mankhwala ndi kulondola zovuta zomwe mankhwala amabweretsa, ZAMMSA kwa okonda za kagulidwe ndi kagawidwe, NHIMA ya inshuwalansi ya zaumoyo ya boma ndi makampani a inshuwalansi komwe amafuna dokotala wowerenga ma claim. Pali zaumoyo wa pa nchito, ku migodi ya ku Copperbelt ndi North-Western, ndi bungwe la OHSI ku Kitwe. Pali za kompyuta, SmartCare ya mafailo a odwala ndi DHIS2 ya manambala a zipatala, komwe munthu wodziwa wodi komanso wodziwa data ndi wosowa maningi. Pali kuphunzitsa, ku UNZA, Levy Mwanawasa, CBU, kapena masukulu a unesi ndi a ma clinical officer omwe ena ali konkuno.

Ndipo pali amene amachokeratu, kupita ku ulimi kapena bizinesi. Palibe cholakwika. Kungoti lembetsani bizinesiyo ku PACRA, mukhale ndi nambala ya msonkho ya TPIN, ndipo muyambe mukadali pa salale muone ngati nkhukuzo zikubweza ndalama musanaziikire moyo wanu wonse.

Chimodzi chomwe muyenera kuvomereza msanga: nchito zambiri mwa izi zili ku Lusaka. Za kuno ku Chipata zilipo koma ndi zochepa ndipo anthu sachokapo msanga. Kambiranani ndi a kunyumba kwanu za kusamuka nkhani isanafike patali.

Pa njira zonsezi sankhani ziwiri chabe. Kenako pezani anthu atatu amene akuchita nchito imeneyo, muwapemphe mphindi 20 pafoni kapena muwagulire tiyi. Musawapemphe nchito. Afunseni kuti Lachiwiri wamba limayenda bwanji kuyambira m'mawa, chomwe amadana nacho ndi chiyani, kontrakiti yawo ndi yaitali bwanji. Safunsa anadya phula. Ine ndikanafunsa ndikanadziwa kuti theka la nchito yanga ndi misonkhano ndi maimelo, ndipo ndikanakonzekera mtima.

Chachisanu, lawani mukadali m'kati

Chipatala chomwe mulicho ndi sukulu yaulere. Nchito zija aliyense amazithawa, kukhala focal person (woyang'anira pulogalamu) wa TB kapena wa malungo, komiti younika imfa za azimai oyembekezera, komiti ya mankhwala, infection prevention, lipoti la kota, zitengeni inu. Khalani pafupi ndi a data clerk ndi a information officer akuonetseni momwe manambala amachokera mu register mpaka kulowa mu DHIS2. Sankhani vuto limodzi laling'ono, mwachitsanzo odwala TB amene amasowa asanamalize mankhwala, werengani kuti ndi angati, yesani kusintha chinthu chimodzi, werenganinso pakatha miyezi 6, lembani masamba awiri. Ka pepala kameneko kadzakulankhulirani pa intavyu kuposa ma distinction a ku sukulu ya udokotala ya ku Ridgeway. Mukafuna kukasindikiza ngati kafukufuku, chilolezo cha ethics ndi cha NHRA, bungwe loyang'anira kafukufuku wa zaumoyo, chikhale choyamba.

Madzulo phunzirani Excel mpaka pivot table isakuopseni. Satifiketi ya GCP, ya malamulo a kafukufuku wa pa anthu, mungaipeze mwaulere pa intaneti ku Global Health Training Centre, ndipo a kafukufuku amaifuna. DHIS2 nayo ili ndi maphunziro oyambira aulere. Bundle ndi nthawi basi.

Nanga MPH, Masters ya public health? Funso limeneli limabwera nthawi zonse. Imathandiza, ma advert ambiri amaitchula, ndipo mungaichite ku UNZA kapena ku UNILUS, kapena patali ndi London School of Hygiene and Tropical Medicine ngati thumba likulola. Chevening, scholarship yokaphunzirira ku UK, imalipira zonse koma imafuna kuti mukhale mutasewenza zaka ziwiri ndipo mukamaliza mubwerere kwanu zaka ziwiri. Koma ine ndimakana zoti munthu atenge loni ina kuti achite Masters asanadziwe komwe akupita. Ndaona anthu ali ndi MPH akadali pa kolo yomwe ija, nkongole itawonjezeka. Yambani mwalawa, digiri ibwere kudzalimbitsa njira yomwe mwasankha kale.

Chachisanu ndi chimodzi, CV ndi intavyu

Amene adzawerenge CV yanu mwina si dokotala. Mukalemba kuti munachita ma caesarean ochuluka adzagoma koma sadziwa kuti zimenezo zimuthandiza chiyani. Lembani zomwe iye akufuna: munayang'anira anthu angati, munakonza rota ya dipatimenti, munaphunzitsa ma clinical officer ndi manesi, munatsogolera komiti iti ndipo chinasintha n'chiyani, ndi manambala enieni omwe mungawaikire umboni. Masamba awiri akwana. Mau omwe ali mu advert muwabwezere mu CV ngati ndi zoona kuti munazichita.

Pa intavyu adzakufunsani kuti mukuchokeranji ku chipatala. Musayambe kudandaula za bwana kapena za Unduna, olo zikhale zoona. Nenani komwe mukupita: "ndaona odwala omwewo akubwerera ndi vuto lomwelo, ndikufuna kusewenza komwe vutolo limayambira." Ndipo akakupatsani kontrakiti iwerengeni yonse muli phee. Utali wake, notisi, medical, ndi gratuity, yomwe pa kontrakiti yaitali Employment Code Act ya 2019 imati isachepere 25 peresenti ya basic. Musalembe kalata yosiya nchito chifukwa cha lonjezo la pafoni. Offer yolemba, yosainidwa, ndiye kalata.

Chachisanu ndi chiwiri, a kunyumba

Kwa ine iyi inali yovuta kuposa zonse. Atate anagulitsa ng'ombe kuti ndimalize sukulu, ndipo kumudzi kwathu amai sankaitanidwanso ndi dzina lawo, anali "amake dokota." Nditawauza anakhala chete nthawi yaitali kenako anafunsa kuti "kodi walakwa chiyani ku nchito?" Kwa iwo munthu sasiya chipatala pokhapokha atachotsedwa.

Musawauze pafoni. Pitani, khalani nawo pansi, ndipo mupite muli ndi mayankho a zomwe zikuwaopsa: layisensi ilipo, udokotala sunachoke, thandizo la mwezi ndi mwezi lipitirira, nchito yatsopano ndi yakuti. Ngati pali amalume kapena azakhali amene mau awo amamveka m'banja, yambani mwakamba nawo iwo. Koma akazi anu kapena amuna anu asakhale omaliza kumva, iwowo akhale nanu kuyambira pa kabuku kaja, chifukwa miyezi yovuta mudzaidya limodzi.

Chachisanu ndi chitatu, kalata ndi handover

Musanalembe yosiyiratu, funsani a HR ngati mungapeze liivu yosalipidwa kapena secondment, kubwerekedwa ku bungwe lina kwa kanthawi. Samapereka kwa aliyense koma kufunsa ndi kwaulere, ndipo ikapezeka mumayesa kunja malo anu akadalipo. Kubwerera pa payroll ya boma mutachoka si kophweka, mukudziwa nokha madokotala angati akudikira kulembedwa.

Ngati ndi yosiyiratu, werengani Terms and Conditions of Service muone notisi yomwe ikufunika ndipo muitsate. Kalata ikhale yaifupi, yaulemu, idzere kwa akulu a chipatala kapena a district monga mwa dongosolo, ndipo kopi yanu aidinde sitampa ya tsiku lomwe ailandira. Musangosowa. Wosowa amalembedwa kuti anathawa nchito ndipo zimenezo zimakhala mu failo mpaka kalekale. Fotokopani zonse: kalata yolembedwa nchito, ya confirmation, mapesilipi, mafomu a liivu, clearance. Ine failo yanga inasowa kwa miyezi pa ofesi ina ndipo makopi anga ndi amene anandipulumutsa.

Odwala anu a nthawi yaitali, a shuga, a khunyu, a mtima, alembereni manotsi omveka ndipo muwauze ndi pakamwa panu kuti mukuchoka ndi amene aziwaona. Tsanzikani manesi, a ku lab, oyeretsa, a ku mochale. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza, ndipo m'zaumoyo muno ndife ochepa, sister-in-charge amene mwamunyoza lero ndi amene mudzamupeze pa chipatala chomwe pulojekiti yanu ikufuna kulowa.

Miyezi yoyamba kunja

Mudzadabwa ndi zinthu zing'onozing'ono. Foni yosalira usiku, ndipo mudzadzukabe 2 koloko kuiyang'ana. Palibe amene adzaimirire mukalowa. Bwana wanu mwina adzakhala wamng'ono kwa inu, si dokotala, ndipo adzakubwezerani lipoti lodzaza ndi zofiira. Landirani, iye bajeti ndi ma indicator wakhala nazo zaka zomwe inu munali ku theatre. Funsani driver ndi a admin momwe zinthu zimayendera, amadziwa zambiri.

Chomwe chidzakusoweni kwambiri ndi kuona zotsatira ndi maso. M'wodi mwana wobwera ali lenguu ndi malungo, pakatha masiku atatu akulimbirana nanu stethoscope. Ku ofesi mumadikira kota yathunthu kuti muone nambala itasuntha pang'ono. Ine zinandivuta mpaka ndinapempha chilolezo kwa abwana anga kuti Loweruka limodzi pamwezi ndizikathandiza pa kiliniki ina, ndipo mpaka lero ndimapita. Funsani zimenezi musanasaine, makontrakiti ena amaletsa nchito yapambali.

Mnzanga uja wa foni ya usiku sanalembe kalata. Anabwerera ndi kabuku, watenga u focal person wa TB pa chipatala chawo, ndipo Lachisanu akupita kukatenga masitetimenti a maloni ake awiri. Tagwirizana kuti tikumanenso mvula ikayamba tione zomwe kabukuko kanena.